Nsima ya olenji pamphasa ya amalume

Amalume anga a kwa Zingalume anavundukula mbale, n'kuona nsima yofiirira ngati dzungu, n'kuvundikiranso. "Mphwanga, kodi njala yabweranso?"

Sinali njala. Chinali chimanga cha olenji chija chinalolezedwa kulimidwa m'Zambia muno mu 2012, chokhala ndi vitamini A wothandiza maso ndi kulimbitsa matupi a ana. Ndinawafotokozera zonsezi monyadira sukulu yanga. Iwo anangoti, "Ife chachikasu tinadya kale."

Sananame. Chilala cha 1992 chitapsereza minda, chimanga chachikasu chinabwera kuchokera kunja, chambiri cha ku America. Anthu ankachilandira pamzere, thumba lili m'manja, ndipo mbiri inamveka yoti kwawoko n'chodyetsa ng'ombe ndi nkhumba. Amalume amakumbukira fungo lake mpaka lero. Mtundu umenewo ukaoneka m'mbale, iwo amaona nkhokwe yopanda kanthu ndi manyazi a bambo wolephera kudyetsa ana ake.

Ndinati ichi n'china, n'cha olenji. Pamenepo nkhani inasamuka. Akuti n'chija anakana Pulezidenti Mwanawasa mu 2002, chosinthidwa chibadwa. Ndinati ayi, ichi anachipeza pokwatitsa mitundu ya chimanga, monga zimachitikira ndi mbewu za haibulidi zimene iwonso amabzala. Akuti ndiye chimafumbwa msanga. Ndikatseka dzenje ili, mbewa inkatulukira kwina. Ndinazindikira mochedwa kuti sitinkakangana za chimanga. Munthu wa imvi sangauzidwe ndi mwana wa mlongo wake, pamaso pa akazi ndi ana, kuti zimene wakhala akunena zaka zonsezi n'zolakwika. Inenso sindiposa: akuchipatala atandiuza kuti mango osapsa sayambitsa malungo, ndinavomera pakamwa, koma mwana akagwira bango laliwisi ndimamulandabe.

Tsikulo amalume anadya nsima yoyera yophikidwa padera. Adzukulu anamaliza ya olenji, n'kumati ikutsekemera.

Patapita miyezi ndinawapeza pakhonde, chimanga chowotcha chili m'manja, njere zake zili psuu. Ndinangokhala chete, ndipo zinandivuta kwambiri. Anandiyang'ana cham'mbali.

"Chowotcha chokha," anatero. "Nsima yake ayi. Ndipo mbewu imene wandibweretsera ija ndabzala kumapeto kwa munda, chifukwa cha anawa."