Ngalande poyamba, tala pambuyo

Mukafunsa anthu a m'basi imodzi yocoka ku City Market kuti komboni yao ifunika ciani, mayankho adzaculuka kupambana mipando. Wina afuna mseu wa tala, wina malaiti a sola, wina msika, wina mitengo ya mthunzi. Onse akamba zoona. Vuto n'lakuti ndalama siingakwanile zonse pa caka cimodzi. Cina cifunika kuyamba, cina ciyembekeze. Ine nikuti tiyambe na cimene cikupha anthu.

Tiŵelengeko pang'ono. Ndalama ya CDF inali K1.6 miliyoni mu 2021. Mu 2022 inakwela kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2024 inali K30.6 miliyoni. Imveka yambili, koma dela la phungu aliyense lilandila cimodzimodzi, likhale na anthu ambili kapena ocepa. Kanyama, pa kalembela wa 2022, inapezeka na anthu oposa 500,000. Gaŵani ndalama ija, mupeza kuti mu 2024 munthu mmodzi anali na pafupifupi K60 pa caka, yosagula ngakhale saka imodzi ya unga. Ndipo mbali ina imapita ku mabasale a ana a sukulu na ngongole za azimai ndi acinyamata. Manje ngati ndalama ni yocepa so, kusankha molakwa ni kutaya caka cathunthu.

Pali mafunso atatu amene niganiza kuti nchito iliyonse iyenela kuyankha isanapatsidwe ngwee.

Loyamba: ikacedwa, ndani adzafa? Kolela imene inayamba mu October 2017 inapha anthu oposa 100, ndipo mu January 2018 anthu a ku Kanyama analetsedwa kuyenda usiku. Ya 2023 mpaka 2024 inagwila anthu oposa 20,000 m'dziko, n'kupha oposa 700. National Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anatsegulidwa pa 12 February m'malo mwa January. Gwelo lake si cinsinsi. Pansi pa Kanyama na George pali mwala wokhala na ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikagwa, za m'cimbudzi ca dzenje zimayenda m'ming'alu ija mpaka m'citsime ca neba. Conco madzi abwino, zimbudzi zomangidwa na simenti mkati, na ngalande ziyenela kukhala pamwamba pa pepala.

Laciŵili: kodi ili pa malo ake mu mzele? Nchito zina zimadalila zinzake. Mseu wa tala wopanda ngalande umakumbika mvula ziŵili zisanathe, ndipo pokhala wokwela, umakankhila madzi m'nyumba za m'mbali. Ngalande nayo, ngati kulibe wotenga zinyalala kupita nazo ku Chunga, imadzala mapulasitiki na mabotolo. Dziko la America, kupitila mu Millennium Challenge Corporation, linaika ndalama pafupifupi $355 miliyoni pa madzi, ukhondo na ngalande za Lusaka pakati pa 2013 na 2018. M'menemo ndiye munacoka konkile ya Bombay Drain na mapaipi a sewa a ku Mtendere. Ni nchito zikulu. Koma paipi ya sewa ikapita pa mseu, nyumba osalumikizidwa, banja likali pa dzenje lakale. Ndipo ngalande yaikulu siithandiza kamseu ka ku Chawama kapena Kalingalinga ngati kulibe mufolo wotengela madzi kumeneko. Mzele wake ni uyu: zinyalala, ngalande, ndiye tala.

Lacitatu: ikaonongeka, adzakonza ndani, na ndalama iti? Apa ndiye timagwa kambili. Pa tsiku lodula liboni pamakhala nyimbo na makamela, koma batile ya laiti ikafa, kapena pampu ikayaka, onse zii. Cilala ca 2024 cinatiphunzitsanso kuti mjigo wodalila magetsi umagona pamodzi na magetsi. Citsanzo cabwino tili naco: nchito ya madzi ya ku George, imene dziko la Japan linathandiza kumanga m'ma 1990, inakonzedwa kuti anthu azilipila pang'ono komanso pa pompi pazikhala woyang'anila. Ku Kanyama, Water Trust ili na anyamata opopa zimbudzi zodzala. Nchito zotele sizioneka bwino pa cithunzi, koma ndiye zimene zikhalitsa.

Nidziŵa kuti ena mukuti, nanga mseu? Ise okwela mabasi ndise timva kuŵaŵa kwa maenje. Madilaiva amakana kuloŵa mkati mwa komboni nthawi ya mvula, timatsikila patali, majombo kumapazi. Amai ocoka ku Soweto Market usiku afunikadi malaiti. Sinikana zimenezi. Koma mseu wa dothi wokhala na ngalande yabwino umapitika caka conse, pamene tala yopanda ngalande timailipila kaŵili. Ndipo mseu ukacedwa caka cimodzi timadandaula cabe, koma madzi oipa akakhala caka cina timaika malilo.

Zosankha izi sizicokela kumwamba. Malamulo a CDF akuti nchito ziyambile kwa anthu, kupitila mu komiti ya citukuko ya mu wadi, imene ambili aidziŵa kuti WDC. Ngati pa miting'i papezeka anthu khumi cabe, ofuna mseu wopita pa geti pao ndiye adzapambana. Conco funsani a kansala anu kuti miting'i ili liti, pitani na aneba, ndipo pemphani kuti mndandanda wa nchito umatidwe poonekela, pa msika kapena pa kiliniki, pamodzi na mtengo wake na dzina la wokonza ikaonongeka. Citani zimenezi kukali kouma. Ngalande imakumbidwa mu June na July. Mu January, madzi ali m'maondo, cotsala ni kuika masaka a mcenga pa citseko.