Luso Lilibe Mlandu, Koma Msewu wa M1 Si Bwalo la Masewero

M'mafoni a ambiri mwa ife ophunzira simulephera kupezeka kakanema ka galimoto yothamanga cham'mbali ngati nkhanu, utsi uli tolotolo kumatayala akumbuyo, anthu akuimba mluzu. Masewerowa amatchedwa drifting. Woyendetsa amatereretsa dala matayala akumbuyo pokhota, n'kuisunga galimotoyo ikuterereka chomwecho mpaka kona yonse ithe, osaiphonya. Achinyamata ena m'mizinda yathu ayamba kale kusakasaka magalimoto akale a ku Japan kuti awasinthe akhale ochitira zimenezi, ndipo zomwe zayamba ku Lilongwe sizichedwa kufika ku Nathenje, ku Mitundu ndi ku Nkhoma.

Nkhaniyi ikafika kutchalitchi, mayankho amakhala awiri. Akuluakulu ena amangoti ndi zachikunja, nkhani yathera pomwepo. Achinyamata ena amati galimoto ndi yanga, ndalama ndi zanga, moyo ndi wanga. Ife tikuona kuti onse awiriwa akulambalala funso lenileni. Kukonda makina si tchimo, ndipo luso la manja ndi mphatso. Koma galimoto ikasinthidwa kuti iziterereka, yasiya kukhala ya pamsewu wa anthu onse. Malo ake ndi bwalo lotchingidwa, ndipo ife amene timati timalemekeza moyo tiyenera kukhala oyamba kunena zimenezi momveka.

Mbiri ya masewerowa ikutithandiza. Anayambira ku Japan, komwe katswiri wa mipikisano Kunimitsu Takahashi ankadziwika m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha kakhotedwe kake kotereretsa galimoto. Achinyamata anatengera zimenezi n'kumakayeserera usiku m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri. Mmodzi wa iwo anali Keiichi Tsuchiya, amene ankayendetsa Toyota AE86, kagalimoto kopepuka kamene kanapangidwa pakati pa 1983 ndi 1987. Kanema womuonetsa akuchita zimenezi pamsewu wa anthu onse anatuluka mu 1987, ndipo zotsatira zake akuluakulu a mipikisano anamulanda kwa kanthawi chiphaso chake chopikisanira. Patapita zaka, munthu yemweyu anathandiza kukhazikitsa mpikisano wa D1 Grand Prix, umene pofika 2001 unali ukuchitikira m'mabwalo otchingidwa monga Ebisu Circuit, wokhala ndi oweruza ndi malamulo ake. Filimu ya Tokyo Drift ya mu 2006 ndi imene inafalitsa masewerowa mpaka kufika m'nyumba zoonetsera makanema za m'misika yathu.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amapita kukagwira ntchito, kuli masewero ofananako otchedwa spinning. Anayambira m'malokeshoni monga Soweto m'zaka za m'ma 1980, ndipo galimoto yake yotchuka ndi BMW 325iS imene iwo amaitcha gusheshe. Poyamba zinkachitika m'misewu, nthawi zambiri pamaliro a zigawenga. Mu 2014 bungwe la Motorsport South Africa linawavomereza kukhala masewero ovomerezeka, ochitikira m'malo okonzedwa. Phunziro la mayiko awiriwa ndi limodzi: masewerowa anapeza ulemu pamene anachoka pamsewu. Ife sitikufunika kuyamba taika anthu m'manda kuti tiphunzire zomwe anzathu anaphunzira kale.

Kuti timvetse chifukwa chake, tione zomwe zimasinthidwa pagalimoto yotere. Choyamba, iyenera kukhala yoti mphamvu ya injini imapita kumatayala akumbuyo. N'chifukwa chake anthu amafuna Nissan Silvia, 180SX, Skyline, Mazda RX-7, kapena Toyota Mark II, Chaser ndi Altezza. Kuno kwathu ambiri maso awo ali pa Mark X ndi Altezza popeza ndi zomwe zimapezeka. Sienta zimene timakwera tsiku ndi tsiku, komanso Vitz ndi Passo, zimakoka ndi matayala akutsogolo, choncho woyeserera nazo amangodalira kukoka handibuleki, n'kumawononga galimoto pachabe.

Chachiwiri ndi difu. Galimoto ikamakhota, tayala lakunja kwa kona limayenda mtunda wautali kuposa lamkati, ndipo ntchito ya difu ndi kulola kuti awiriwa azizungulira pa liwiro losiyana. Ofuna kutereretsa galimoto amagula difu yapadera, koma popeza ndi yodula, njira yachidule ndi kupita kwa wowotcherera kuti amange magiya a m'katimo akhale chinthu chimodzi. Zikatero matayala onse awiri akumbuyo amazungulira mofanana nthawi zonse, ndipo pa kona iliyonse limodzi limakakamizika kukhula pansi. Pabwalo, izi ndi zomwe woyendetsa akufuna. Koma pa tala wonyowa ndi mvula yoyamba, kapena pamene mchenga wakokolokera mumsewu, kumbuyo kwa galimoto kungathe kutembenuka mwini wake asanaganize n'komwe.

Pamwamba pa izi amaikamo handibuleki ya mafuta yogwira msangamsanga, amasintha zitsulo za chiwongolero kuti matayala akutsogolo azipindika kwambiri, amaitsitsa galimoto n'kuumitsa mashoko, ndipo ena amachotsa mipando yakumbuyo kuti ipepuke. Matayala akumbuyo amatha m'kanthawi kochepa, motero ambiri amaikako a kaunjika. Chilichonse mwa izi chimapangidwa ndi cholinga chimodzi: kuti galimoto iziterereka mosavuta kumbuyo ndipo woyendetsa azitha kuiwongolera ikuterereka chomwecho. Pamene akatswiri a ku fakitale anathera zaka akufufuza njira yoti galimoto isaterereke, wosinthayu akuchotsa dala chitetezo chimenecho. Ndiye tingati bwanji galimoto yomweyo ikatenge ana kusukulu Lolemba?

Tsopano tiganizire misewu yathu momwe ilili. Pa Nathenje msewu wa M1 umadutsa pakati penipeni pa malo amalonda. M'mbali mwake muli amayi ogulitsa tomato ndi chimanga chootcha, ana owoloka kupita kusukulu, akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto, minibasi zoima paliponse pomwe zaona munthu. Pa Kamphata, pomwe msewu wa ku Nkhoma umapatukira, pamakhala anthu odikira galimoto zopita kuchipatala cha mishoni, ena atanyamula odwala. Msewu wa ku Mitundu, wodzera cha ku Bunda, timagawana ndi ngolo za ng'ombe ndi abulu, njinga zosenza makala, ndi alimi opita kumsika ndi mtedza, soya ndi fodya. Usiku ambiri mwa amenewa alibe nyali, ndipo malo oyenda anthu apansi kulibe.

Anthu amenewa sanagule tikiti yodzaonerera masewero. Sanavomere kuika moyo wawo pachiswe. Apa ndi pamene mawu oti moyo ndi wanga amathera mphamvu. Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha, koma mwambiwu umagwira ntchito ngati wofoteredwa ndi mwana yekhayo. Galimoto yolemera kuposa tani imodzi ikaphonya njira pa Nathenje, woyendetsa ali ndi lamba ndi zitsulo zomuzungulira, pamene mayi wa tomato uja alibe chilichonse. Komanso liwiro silikhululuka: mukaliwirikiza kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu padziko lonse, ndipo ngozizi ndi zomwe zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Amenewo ndi ife ndi azing'ono athu. Anzathu ophunzira za chipatala amene akachitako ntchito ku Kamuzu Central Hospital kapena ku Nkhoma sakufunika kuuzidwa momwe mwendo wothyoka wa bambo wosamala banja umasinthira moyo wa nyumba yonse.

Malemba sanatchule za galimoto, koma mfundo yake anaipereka. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba yatsopano analamulidwa kuika kampanda kuzungulira denga lake, kuti wina akagwa mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Taonani kuti Mulungu sanaletse kumanga nyumba, ndipo sanaletse kukwera padenga. Analamula kuti chitetezo chikhale mbali ya ntchitoyo kuyambira pachiyambi. Komanso pa Eksodo 31 timawerenga za Bezaleli, amene anadzazidwa ndi Mzimu kuti akhale mmisiri wa zitsulo, miyala ndi matabwa. Mnyamata amene angamasule injini yonse n'kuibwezera, ikalira bwino, ali ndi mphatso ya mtundu womwewo. Chimene akusowa si chidzudzulo chokha, koma kampanda.

Pali nkhani inanso ya m'mbiri ya mpingo wathu imene ikutiyenera. Mu 1894 Ellen G. White anadzudzula abale a ku Battle Creek chifukwa cha kutengeka ndi njinga zakapalasa. Masiku amenewo njinga inali yodula kwambiri, ndipo anthu ankathira ndalama zambiri pofuna kuposana, ntchito ya Mulungu ndi osauka zili pa njala. Lero njinga yomweyo ndi imene imafikitsa mkulu wa mpingo ku nthambi yakutali, ndi imene ikudyetsa mabanja a akabaza. Vuto silinali chitsulocho ayi, koma mtima wodzionetsera ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama.

Funso la ndalamali sitingalithawe. Magalimoto akale a masewerowa sakutsikanso mtengo. Dziko la America limalola kulowetsa galimoto zakunja zimene zakwanitsa zaka 25 popanda zoletsa zambiri, choncho ogula a kumeneko akulimbirana Skyline ndi Silvia zomwezo, ndipo mitengo ku Japan yakwera. Ikafika pa doko la Dar es Salaam iyenera kuyenda mpaka pa chipata cha Songwe, kenako msonkho wa Malawi Revenue Authority, umene umakula galimoto ikakhala yakale komanso ya injini yaikulu. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zipangizo zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Onjezerani matayala, mafuta amene timawaimira pamzere, ndi inshuwalansi imene ingathe kukana kulipira ikapeza kuti galimoto inasinthidwa mosaidziwitsa. Yesu pa Luka 14:28 anakamba za kuyamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo usanamange nsanja. Wophunzira amene fizi yake yachokera m'matumba a soya a makolo ake ku Mitundu ayenera kuwerengera kawiri.

Wina anganene kuti tikulimbana ndi chinthu chimene sichinafike kwenikweni kumudzi. Koma mzimu wake unafika kale, ndipo nthawi zina umakwera nafe limodzi kuchokera pakhomo la tchalitchi. Tonse taonapo mdipiti wa ukwati momwe magalimoto amayenda mokhotakhota kudzaza msewu wonse, achinyamata atatulutsa matupi pamawindo, anjinga zamoto ataimirira pa chishalo. Taonapo woyendetsa Sienta yodzaza akupitirira lole pa chitunda pomwe sakuona kutsogolo, ife okwera tili chete. Ndipo timatumizirana makanema a zoterezi pa WhatsApp ndi pa TikTok tikuseka. Wochita masewero pamsewu amafuna maso a anthu. Tikamuonerera n'kumuchemerera, ndife tikumuthirira mafuta.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, amene ali ndi mtima wofuna masewerowa avomereze lamulo losavuta: galimoto yowotcherera difu siyenda pamsewu, imapita kubwalo itanyamulidwa kapena kukokedwa, ndipo imakhala ndi zitsulo zotchinjiriza woyendetsa ikagubuduzika, lamba wolimba, chipewa choteteza mutu ndi chozimitsira moto. Chachiwiri, okonda masewerowa adzisonkhanitse, akakambirane ndi mafumu, khonsolo ya boma la Lilongwe, apolisi ndi a Directorate of Road Traffic and Safety Services, kuti papezeke malo otchingidwa, kutali ndi msika ndi sukulu, oonerera ali kuseri kwa chotchinga, ambulansi ili pafupi, mowa palibe. Kwa ife a Adventist, zikachitika pa Sabata yankho tikulidziwa kale, ndipo palibe cholakwika kupempha okonza kuti aganizire tsiku lina.

Chachitatu chikukhudza mpingo. Buku la Education la mu 1903 linalimbikitsa kuti maphunziro enieni aziphatikiza ntchito za manja, ndipo m'gulu la Pathfinder muli kale phunziro la zokonza magalimoto. Ndi mipingo ingati ya ku Nathenje, Mitundu ndi Nkhoma imene inaliphunzitsapo? Amakaniko tili nawo m'mabenchi athu omwe, ena amagwira ntchito m'magalaja a ku Biwi. Tiwapemphe aphunzitse achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, momwe mabuleki, difu ndi chiwongolero zimagwirira ntchito, ndipo amene aonetsa luso tiwalozere ku Lilongwe Technical College kapena ku maphunziro a TEVETA. Amene wamvetsa chifukwa chake galimoto imagwira msewu sachita nayo chibwana. Dera lino likusowa amisiri okhulupirika okonza ambulansi, zigayo, mathirakitala ndi mapampu a mthirira, ndipo manja amene akulakalaka kusintha Altezza ndi omwewo angagwire ntchito zimenezi.

Chachinayi ndi cha aliyense, ngakhale amene sadzagulako galimoto. Tikakwera ndipo woyendetsa wayamba zamasewero, tilankhule mwaulemu koma mosabisa: "Achimwene, chepetsani liwiro, tonse tikufuna kukafika." Akakana, titsike. Makomiti a maukwati a mumpingo auze oyendetsa mdipiti usananyamuke kuti msewu si wa akwati okha. Kanema wa munthu wochita masewero pamsewu wa anthu onse akatipeza, athere mufoni mwathu momwemo.

Kaini atafunsidwa za m'bale wake anayankha ngati kuti si udindo wake kumusunga. Aliyense wogwira chiwongolero amafunsidwa funso lomwelo ulendo uliwonse, ndipo m'bale amene akufunsidwayo ndi mwana amene akuwoloka pa Kamphata ndi mayi amene wayala tomato pa Nathenje. Luso tilikulitse, koma tiyambe tamanga kampanda.