MAGAZI OIPA, MAFAILO OSOWA, "PEPANI" WOBWERA PATATHA ZAKA 40

Achinyamata anzathu, lero tikutengerani ku Britain pang'ono. Musaudumphe uthengawu poti ndi za azungu. Werengani kaye.

Pa 20 May 2024, Rishi Sunak, yemwe anali nduna yaikulu ya dzikolo, anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kupepesa kuti limenelo linali tsiku lamanyazi kwa boma la Britain. Tsiku lomwelo jaji wopuma ntchito, Sir Brian Langstaff, anali atatulutsa lipoti la kafukufuku wake. Anapeza kuti kuyambira m'ma 1970 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1990, anthu opitirira 30,000 anapatsidwa HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis C kudzera m'magazi ndi m'mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi. Kutitu? M'zipatala za boma, za NHS. Anthu pafupifupi 3,000 anali atatisiya kale.

Zinayenda chonchi. Pali matenda obadwa nawo otchedwa haemophilia, oti magazi saundana; munthu akavulala, ngakhale mkati mwa bondo, magazi amangotuluka. Kunabwera mankhwala otchedwa Factor VIII, ndipo anthu anasangalala chifukwa ankatha kudzibaya okha kunyumba. Koma popanga mankhwalawo ankasakaniza madzi a m'magazi a anthu masauzande ambirimbiri pamodzi. Paja nsomba ikawola imodzi zonse zawola: munthu mmodzi wokhala ndi kachirombo ankaipitsa mgolo wonse. Britain sinkapanga okwanira, ndiye inkagula ku America, komwe anthu ankalipidwa akapereka magazi, kuphatikizapo akaidi ndi anthu odzibaya mankhwala osokoneza bongo. Mu 1975 nduna ina ya zaumoyo, David Owen, inalonjeza kuti dzikolo lizidzipangira lokha. Lonjezo la andale, mukulidziwa.

Tsono boma likapanikizika limathamangira mawu amodzi: "sitinkadziwa." Apa bodza limeneli silinaphule kanthu. Mu May 1983, Dr Spence Galbraith, mkulu wa ofesi yolondola matenda opatsirana, analembera unduna wa zaumoyo kuti mankhwala a magazi ochokera ku America opangidwa pambuyo pa 1978 achotsedwe kaye. Sanachotsedwe. Chaka chomwecho nduna Kenneth Clarke inkauza anthu kuti palibe umboni wotsimikizika woti Edzi imafala kudzera m'mankhwala amenewa. Mwauona mchenjerowo? Sanati "ndi abwino." Anati "umboni sunakwane." Podikira umboni wokwanawo, ana ankabayidwa.

Anthu a haemophilia ndi matenda ofanana nawo pafupifupi 1,250 anatenga HIV, ndipo 380 mwa iwo anali ana. Atatu mwa anayi alionse anamwalira. Nkhani yomwe yatiswa mtima kwambiri ndi ya sukulu ya Treloar's ku Hampshire, sukulu yogonera komweko ya ana olumala, yomwe inali ndi chipatala chake pompo. Ana 122 a haemophilia anaphunzirapo pakati pa 1970 ndi 1987. Pomwe lipoti limatuluka, amoyo anali 30 okha. Madokotala ankayesera mankhwala pa anawo, makolo osauzidwa bwinobwino, osapemphedwa chilolezo. Taganizani kalasi yanu ya Folomu 4, muwerenge anayi anayi, mmodzi yekha ndiye watsala. Eti zimenezo.

Ndipo si a haemophilia okha. Anthu pafupifupi 26,800 anatenga hepatitis C atangothiridwa magazi, ena pobereka, ena atachita ngozi. Britain inayamba kuyeza magazi onse ngati ali ndi hepatitis C mu September 1991, mayiko ena atayamba kale. Ambiri anakhala zaka osadziwa chikuwadya n'chiyani, ena mpaka kunamiziridwa kuti chiwindi chawonongeka ndi mowa.

Ife tikuti chonchi: kulakwitsa kuchipatala kumachitika, ndipo kachirombo katsopano kangathe kudzidzimutsa dziko lililonse. Chomwe sitingachikhululukire ndi chomwe chinatsatira. Kwa zaka zambiri nduna ndi akuluakulu a boma, mpaka Margaret Thatcher, ankabwereza nyimbo imodzi yoti odwalawo analandira chithandizo chabwino koposa chomwe chinalipo. Langstaff anati sizoona. Mafailo ena a unduna anawonongedwa. Odwala ena anayezedwa HIV osauzidwa, zotsatira n'kubisidwa. Maboma a zipani zonse ziwiri, Conservative ndi Labour, ankakana kafukufuku wapoyera, mpaka Theresa May anavomera mu 2017. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: unduna womwe unkagula mankhwalawo ndi womwewo unkayenera kudziyang'anira, ndi womwewonso unkasunga mapepala a umboni. Fisi kumupatsa ntchito yowerenga mbuzi.

Kwina zinayendako mosiyana. Ku France, Michel Garretta, mkulu wa bungwe loona za magazi, anagamulidwa kukakhala kundende zaka zinayi mu 1992, ndipo mu 1999 Laurent Fabius, yemwe anakhalapo nduna yaikulu, anaimirira m'khoti, ngakhale anapezeka wosalakwa. Ku Japan, mu 1996, nduna ya zaumoyo Naoto Kan inakakamiza unduna wake kutulutsa mafailo omwe ankati kulibe, n'kupepesa pamaso pa odwala. Ku Canada, lipoti la jaji Krever litatuluka mu 1997, ntchito ya magazi inachotsedwa m'manja mwa Red Cross. Ku Britain, pomwe Sunak ankapepesa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anazengedwapo mlandu.

Chipukuta misozi? Mu October 2024 boma linaika padera mapaundi 11.8 biliyoni. Ndalama zambiri, inde. Koma mu July 2025 Langstaff anachita kulembanso lipoti lina lodzudzula kuchedwa kolipira, anthu akumwalira ali pamzere.

Tsono tibwere kwathu, ndipo timvetsetsane bwino, pasapezeke wina wotumiza voisi noti yoti "magazi a kuchipatala ndi oopsa." Ayi. Ambirife tinaperekapo magazi kusukulu a MBTS atabwera, ndipo tipitiriza. Magaziwo timapereka mwaufulu, osagulitsa, ndipo amayezedwa HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko. Mayi wotaya magazi pobereka, mwana wotheredwa magazi ndi malungo, mnzathu wa kabaza wogundidwa pamsewu, onsewa akudikira ife. Sukulu zikatsekera magazi amachepa, ndiye pitani mukapereke.

Koma popeza magaziwo ndi athu, tili ndi ufulu wofunsa, zinthu zisanalakwike. Munthu akadwala atathiridwa magazi, amakadandaula kuti, ndipo wofufuzayo amalipidwa ndi ndani? Magazi akasowa, chipatala n'kutenga kwa achibale, amayezedwa mofanana m'maboma onse? Mapepala osonyeza thumba liti linapita kwa yani amasungidwa zaka zingati, ndipo wowataya chimamuchitikira n'chiyani? Nanga lamulo lokakamiza ogwira ntchito m'boma kunena zoona zinthu zikalakwika, lomwe Langstaff anapempha kwawoko, aphungu athu analiganizirapo?

Mafunso anayi amenewa akopeni momwe alilimu, muwatumize kwa phungu wa dera lanu ndi ku komiti ya zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo. Akayankha, tumizani yankholo kwa ma admin, tiliika pano. Akangowerenga n'kukhala duu, tiuzeninso, dzina la dera lawo tililemba.