Mfuti ikamamenya mwini wake

Chaka chatha mlamu wanga adapeza ntchito yaulonda pa esiteti ina. Ndi mayi wamfupi, wochepa thupi, koma wolimba mtima kuposa amuna ambiri amene ndimawadziwa. Tsiku lomwe adachokera kokaphunzira kuwombera ndidawapeza pakhonde akuthowa phewa ndi kansalu konyika m'madzi otentha. Phewalo lidali litatupa, tsaya lakumanja litada bii ngati wina wawaponya chibakera.

“Alamu, ntchito iyi ndiisiya,” adatero. “Akuti mfuti ndi yachimuna, ndingopirira.”

Adatsala pang'ono kutaya malipiro a mwezi ndi mwezi chifukwa cha bodza. Kumenya kwa mfuti kuli ndi masamu ake, ndipo zambiri mwa zomwe zidawapweteka n'zotheka kukonza.

Mfuti yomwe adawapatsa ndi ija ya machaka, ya shotgun, imene kuno ambiri timangoti Greener ngakhale itapangidwa ndi kampani ina. Dzinali ndi la W.W. Greener, katswiri wopanga mfuti wa mumzinda wa Birmingham ku England. Mukakhethemula, wonga umakankha machaka kupita kutsogolo, ndipo mphamvu yomweyo imakankha mfuti kubwerera kumbuyo. Kumbuyoko kuli phewa lanu. Machaka akachuluka kapena akathamanga kwambiri, kukankhako kumakula. Mfuti ikakhala yolemera, kukankhako kumachepa, monga momwe galimoto lodzaza matumba a chimanga siligwedezeka msanga likagundidwa.

Apa ndi pamene anthu okoma mtima amalakwitsa. Akaona munthu wochepa thupi amathamangira kumupatsa mfuti yopepuka, poganiza kuti amuthandiza. Yopepukayo ndiye imamenya koopsa. Greener yemweyo ankalangiza kuti mfuti izilemera ka 96 kuposa machaka amene ikuponya. Ndiye kuti chipolopolo cha magalamu 28 chimafuna mfuti ya makilogalamu pafupifupi 2.7, pamene cha magalamu 32 chimafuna yopitirira makilogalamu atatu. Ena amati mupatseni ya 20-gauge, yomwe mpope wake ndi wocheperako poyerekeza ndi ya 12-gauge. Nzeru imeneyi imathandiza nthawi zina, koma mfuti za 20 zimakhalanso zopepuka, ndiye mukaikamo chipolopolo champhamvu phewa silimva kusiyana kulikonse.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ili pa katoni ya zipolopolo. Pamalembedwa kulemera kwa machaka: 24, 28, 32, 36. Alamu adawapatsa za 36 tsiku loyamba lenilenilo, chifukwa n'zomwe zidali m'sitolo ya pantchito. Kungotsika kuchoka pa 32 kufika pa 24, liwiro lili lomwelo, mphamvu yomenya phewa imachepa ndi magawo pafupifupi anayi pa khumi. Musaganize kuti za 24 n'zoseweretsa. Ku mpikisano wa Olympic, owombera timbale touluka saloledwa kupyola magalamu 24, ndipo timbaleto timasweka. Kim Rhode wa ku America adatenga mendulo ya golide ku Atlanta mu 1996 ali ndi zaka 17, n'kupitiriza kutenga mendulo m'mipikisano ya Olympic isanu ndi umodzi yotsatizana mpaka 2016. Palibe adamuuza kuti mfuti ndi yachimuna, kapena ngati alipo, sadamumvere.

Koma nkhani yaikulu ndi thako la mfuti, mtengo uja umatsamira paphewa. Mfuti zambiri zimatuluka kufakitale zitayezedwa pa mwamuna wa msinkhu wapakati wa ku Ulaya kapena ku America. Kuchoka pokhethemulira kufika kumapeto kwa thako pamakhala masentimita 36 kapena 37. Munthu wa manja aafupi akaigwira, amatambasula mikono mpaka kumapeto, ndipo poti mpope ukumulemera amapendekera chagada. Thako limachoka m'kachigwa ka pakati pa phewa ndi chifuwa, pamene pali mnofu, n'kukakhala pafupa kapena pamkono. Ikalira, imamenya pomwepo, ndipo munthu wopendekera kumbuyo alibe pogwira, amadzandira. Mfuti zopangira achinyamata ndi amayi zimakhala ndi masentimita pafupifupi 33. Kusiyana kwa zala ziwiri zokha, koma kumasintha zonse.

Kuyeza kwake sikufuna makina. Onetsetsani kaye, kawiri, kuti mulibe chipolopolo. Kwezani mfuti paphewa, tsaya litsamire pamtengo. Pakati pa mphuno yanu ndi chala chachikulu cha dzanja logwira thako pakhale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Mpata ukakula, thako latalika. Ukachepa kwambiri, chala chanu chomwe chidzakuthyolani mphuno. Muyeze mutavala zomwe mumavala pantchito. Jekete yausiku ya mwezi wa June imawonjezera utali.

Tsaya la alamu lidada pa chifukwa china. Amayi ambiri ali ndi khosi lotalikirapo komanso nkhope yocheperako, ndiye akaika tsaya pamtengo diso limatsika, osaonanso pamwamba pa mpope. Amadzutsa mutu kuti aone. Mfuti ikalira, mtengo umadumpha n'kuwapeza tsaya lili m'malere. Mankhwala ake n'kukweza msana wa thako ndi kachikopa kapena kalabala komata, kuti tsaya ligone molimba diso likuona bwinobwino. Zimenezi si zatsopano ayi. Annie Oakley, mayi wamfupi wa ku America amene adatchuka ndi kuwombera, atafika ku London mu 1887, wopanga mfuti Charles Lancaster adamuyeza thupi n'kumupangira mfuti zomukwana.

Alamu tidawalangiza kuti akapemphe abwana awo. Zidatenga masabata, koma pomaliza mfuti imodzi idapita kwa mmisiri wovomerezeka. Adadula thako pang'ono, kumapeto n'kuikako labala wofewa m'malo mwa kapulasitiki kolimba kamene kadalipo. Poti kudula mtengo kumapeputsa mfuti komanso kumaipendeketsa kutsogolo, adalowetsa kamtovu m'bowo la mkati mwa thako. Ndinene mosabisa: chodula ndi mtengo basi. Mpope osaukhudza. Mfuti ndi chinthu cha chilolezo, ndipo wofuna kusintha kalikonse ayambe wafunsa apolisi amene adapereka chilolezocho.

Zotsalazo adaphunzira okha. Phazi lamanzere patsogolo, thupi litaweramira pang'ono kutsogolo ngati wokankha wilibala, thako atalikokera molimba paphewa. Oopa mfuti amaisiya patali ndi thupi, ndipo mpata umenewo ndi umene imathamangiramo isanamenye. Ndidawaguliranso zotseka m'makutu. Kulira kwa shotgun kumaposa madesibelo 150, kokwanira kuwononga makutu, ndipo theka la mantha a wophunzira limachokera ku phokoso. Munthu amene wapwetekedwa tsiku loyamba amayamba kutsinzina ndi kugwedeza mfuti asanakhethemule. Mlonda wotsinzina powombera ndi woopsa kwa aliyense amene ali pafupi, kuphatikizapo ana a pa esiteti pomwepo. N'chifukwa chake ndimati eni makampani aulonda amene amagula mfuti za msinkhu umodzi n'kugawira aliyense akusunga ndalama pamalo olakwika. Yunifomu amayeza, nsapato amafunsa nambala.

Chenjezo limodzi kwa amene angasunge mfuti za 12 ndi za 20 pamodzi: osasakaniza zipolopolo m'thumba. Cha 20 chikalowa mu mfuti ya 12 chimatsetsereka n'kukatsakamira mkati mwa mpope. Munthu amaganiza kuti sadaikemo kanthu, amaikanso cha 12 pambuyo pake, ndipo mpope umaphulikira m'manja. Ndiye chifukwa chake opanga ambiri amapanga zipolopolo za 20 zachikasu.

Alamu akadali pantchito. Mfuti yodulidwa ija tsopano amalimbirana ndi anyamata awiri aafupi a shifiti yausiku, omwe kale ankangopirira mwakachetechete poopa kusekedwa.