Seva ya sukulu isakhale m'mutu mwa munthu mmodzi



Lero ndikufuna ndiyankhulepo pa nkhani imene ambirife timaiona ngati ya akatswiri a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, chonsecho ikutikhudza ife tomwe. Sukulu zina za sekondale kuno ku Mzimba zili ndi makompyuta tsopano, ndipo zina mwa izo zili ndi kompyuta imodzi yapadera yotchedwa seva. Maganizo anga ndi awa: sukulu iliyonse imene ili ndi seva ilembe kakonzedwe kake konse mu script, ndipo script imeneyo ikhale katundu wa sukulu monga mmene alili kaundula wa ana. Kakonzedwe kakakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, tsiku limene munthuyo wachoka sevayo yachoka naye, ngakhale bokosi lake likadali pa tebulo.

Poyamba ndifotokoze kuti seva n'chiyani, chifukwa ena mwa inu mumaphunzitsa Chichewa, Agriculture kapena Bible Knowledge ndipo mu labu mumangolowa pothawa mvula. Seva ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kuyankha makompyuta ena. Mwana akatsegula browser n'kulemba adiresi, kompyuta yake imatumiza pempho, ndipo pulogalamu ya mu seva imalandira pempholo n'kubweza tsamba limene lafunidwa. Mapulogalamu odziwika pa ntchitoyi ndi Apache, imene inatuluka mu 1995, ndi nginx, imene Igor Sysoev wa ku Russia anatulutsa mu 2004. Onse awiri ndi aulere. Seva yoyamba ya mtundu umenewu anaikonza Tim Berners-Lee ku CERN mu 1990, ndipo pa kompyutayo panamatidwa kapepala kochenjeza anthu kuti asaizimitse. Kotero vuto la munthu wozimitsa seva mosadziwa silinayambire kwathu kuno.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti seva siilira intaneti kuti igwire ntchito. Mukaika mabuku, mavidiyo ndi mapepala a mayeso akale mu seva, makompyuta onse a mu labu amatha kuwerenga zimenezo kudzera pa mawaya kapena pa Wi-Fi ya pasukulu pomwepo, popanda kugula bandulo. Pulogalamu ya Kiwix, imene inayamba mu 2007, imasunga Wikipedia yonse mu fayilo imodzi, ndipo Wikipedia ya Chitumbuka ndi ya Chichewa ziliponso. Kolibri ya bungwe la Learning Equality imasunga maphunziro ndipo imaonetsa mphunzitsi pamene mwana aliyense wafika. RACHEL ya bungwe la World Possible nayo ndi laibulale ya mtundu womwewu. Zonsezi zimatha kuyenda pa Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'chikhatho kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012. Kuno kumpoto, bungwe la Turing Trust la ku Scotland linagwirizana ndi Centre for Youth and Development ya ku Mzuzu poika makompyuta m'sukulu zambiri. Pa sukulu imene ana asanu amalimbirana buku limodzi la Biology, kabokosi kameneka ndi chuma.

Nanga vuto lili pati? Ndikupatseni chitsanzo cha sukulu ina imene sinditchula dzina. Kunabwera mlendo wodzipereka, mnyamata waluso ndi wamtima wabwino, amene anakonza seva mwaukadaulo ndithu. Ana anayamba kudzaza labu mpaka madzulo. Nthawi yake itakwana anabwerera kwawo, pajatu mlendo ndi mame. Patapita miyezi ingapo magetsi anazima mwadzidzidzi, ndipo atayaka seva sinayankhenso. Panalibe wodziwa chimene mnyamata uja anasintha, m'fayilo iti, kapena mawu achinsinsi olowera. Ana a Fomu 4 analemba MSCE chaka chimenecho mapepala akale a zaka zambiri ali otsekeredwa m'kabokosi kamene kanali pamaso pawo pomwepo. Makompyuta onse anali bwinobwino. Chimene chinasowa ndi malangizo olembedwa.

Musaganize kuti ndi alendo okha amene amachoka. Ifenso aphunzitsi timasamutsidwa. Kalata imabwera lero, mwezi wamawa uli ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay. Wina amapita kukawonjezera maphunziro ku Domasi kapena ku Mzuni, wina amapuma pa ntchito, wina amadwala. N'chifukwa chake timalemba schemes ndi records of work, kuti wobwera pambuyo adziwe poyambira. Ndiye n'chifukwa chiyani pa seva timangodalira kukumbukira kwa munthu?

Script si chinthu chodabwitsa. Ndi fayilo wamba imene mwalembamo malamulo, mzere ndi mzere, oti kompyuta itsatire. M'malo moti munthu akhale pansi n'kumadina apa ndi apo kwa masiku awiri, kenako n'kuiwala pamene anadina, mumalemba zonse kamodzi. Mzere woyamba ukuti ika Apache. Wachiwiri ukuti kopera fayilo ya kakonzedwe kathu n'kuiika m'malo mwake. Wachitatu ukuti yesa ngati fayiloyo ilibe cholakwika. Wachinayi ukuti yambitsanso pulogalamu. Seva ikafa, mumatenga kompyuta ina, kuikamo Linux, kuyendetsa script ija ndi kubwezeramo mabuku kuchokera pa disiki yosungira, basi labu yadzukanso. Chofunika kukumbukira kwathu kuno n'chakuti mapulogalamu amene script ikuika asungidwenso pa disiki yomweyo, chifukwa tsiku la vutolo mwina netiweki kudzakhala kulibe.

Taonani mizere iwiri iyi:

# Kopera mabuku onse a mu seva ku disiki yosungira
rsync -a /var/www/html/ /mnt/zosunga/

Mzere woyamba ndi chizindikiro cha # kompyuta siiwerenga, ndi wa munthu. Mutha kuulemba m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ndipo ndikulimbikitsa kuti tizitero. Mzere wachiwiri ndiye lamulo lenileni. Pulogalamu ya rsync imakopera zokhazo zimene zasintha, kotero ulendo wachiwiri sichedwa. Kodi pali mphunzitsi amene anakhoza dipuloma kapena digiri amene angalephere kumva mizere iwiri imeneyi ataifotokozeredwa kamodzi?

Pali zinthu zinayi zimene script ya sukulu ya kumudzi iyenera kukonza, ndipo zonse zikuchokera ku vuto la magetsi. Tonse tikukumbukira 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Ngakhale sukulu zodalira sola zimaona zomwezi mabatire akakalamba.

Choyamba, pulogalamu ya mu seva iziyamba yokha kompyuta ikayakanso. Pa Linux lamulo lake ndi systemctl enable, kutsatiza dzina la pulogalamu. Mukaiwala mzere umenewu, mwina tsiku lililonse padzafunika munthu woti ayambitse pulogalamuyo pamanja.

Chachiwiri, adiresi ya seva isamasinthe. Router imagawa maadiresi kwa makompyuta pamene akuyaka, ndipo ikhoza kupatsa seva adiresi ina magetsi akabwerera. Ana amalemba adiresi yakale imene yalembedwa pa bolodi, sapeza kanthu, n'kumati seva yafa pamene ili moyo. Mankhwala ake ndi kulemba adiresi yokhazikika mu fayilo ya kakonzedwe.

Chachitatu ndi nthawi. Ma Raspberry Pi akale, mpaka kufika pa Pi 4, alibe wotchi ya batire mkati mwake. Popanda intaneti, akazima amasokoneza nthawi. Pi 5 ya 2023 ili nayo wotchiyo koma batire lake mumagula padera. Izi n'zofunika chifukwa pulogalamu ya cron, imene imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika, imadalira wotchi. Komanso musaike ntchito yosunga mabuku pakati pa usiku monga amachitira a m'mabanki, chifukwa usiku labu yathu imakhala yozima. Ikani Lachisanu masana, kapena gwiritsani ntchito anacron, imene imachita ntchito imene inaphonyedwa kompyuta ikangoyakanso.

Chachinayi, kakhadi ka SD kamene Raspberry Pi imasungirapo zinthu kamawonongeka magetsi akazima pamene ikulemba. Palibe script imene ingaletse zimenezi kotheratu. Chimene script imachita ndi kusandutsa ngoziyo kukhala ntchito ya masana amodzi m'malo mwa kulira kwa chaka chonse.

Ndikudziwa zimene anzanga ena anganene, chifukwa tinakambiranapo mu staff room. Ena amati ntchito yatichulukira kale: makalasi odzaza, zolemba zoti tichonge, masewero, ndi zina. N'zoona, ndipo sindikunena kuti mphunzitsi aliyense akhale wolemba mapulogalamu. Ndikunena aphunzitsi awiri pa sukulu, osati mmodzi, ndipo kulemba script ndi ntchito ya kamodzi imene imapulumutsa masabata ambiri m'tsogolo. Yerekezani ndi mtengo wa ulendo wopita ku Mzuzu kukatenga katswiri, makamaka nthawi ya dzinja pamene misewu yathu yafumbi yasanduka matope.

Ena amati script ndi yoopsa, chifukwa mzere umodzi wolakwika ukhoza kufufuta zonse. Apa ndikuvomereza kuti mantha awo ali ndi maziko. Kompyuta imachita chimene mwalemba ndipo siifunsa ngati munatanthauza zimenezo. Koma munthu wodina pamanja amalakwitsanso, ndipo kulakwitsa kwake sikusiya chizindikiro. Cholakwika cha mu script chimaoneka, mnzako akhoza kuchiwerenga n'kuchikonza. Komanso pali njira zodzitetezera: kuyesa script pa kompyuta yakale musanaiyendetse pa seva yeniyeni, kugwiritsa ntchito apachectl configtest kapena nginx -t musanayambitsenso pulogalamu, ndi kuilemba moti ngakhale mutaiyendetsa kawiri isawononge kanthu.

Enanso amati tikalemba zonse ana adzaba mawu achinsinsi. Yankho lake n'losavuta. Mawu achinsinsi asalembedwe mu script. Alembedwe pa pepala, aikidwe mu envelopu yomata, asungidwe mu ofesi ya a hedi pamodzi ndi zikalata zina zofunika, ndipo asinthidwe mphunzitsi wowadziwa akasamuka.

Nkhaniyi si ya masukulu okha. Mu Febuluwale 2024, pulezidenti wa nthawi imeneyo a Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti analowereredwa ndi anthu amene ankafuna dipo, ndipo kwa masabata angapo Amalawi sankatha kupeza mapasipoti. Ambiri mwa inu ana anga amene mumafuna kupita ku Joni mukuikumbukira bwino nthawi imeneyo. Phunziro limene ine ndinatolapo ndi lakuti mwini makina ayenera kukhala ndi makiyi, makope a zosungidwa, ndi anthu ake odziwa kuwadzutsa. Tili nachonso chitsanzo cholimbikitsa. Kuyambira mu 2001 pa chipatala cha Kamuzu Central, ntchito imene inadzakula kukhala Baobab Health Trust inaika makompyuta odina pa galasi olumikizidwa ku maseva a pachipatala pomwepo, otetezedwa ndi mabatire, ndipo achinyamata a ku Malawi konkuno ndiwo analemba ndi kusamalira mapulogalamu ake ambiri. Ngati zinatheka m'zipatala, zingakanike bwanji m'malabu athu?

Chimene ndikufunitsitsa kwambiri n'chakuti ana alowe nawo m'ntchitoyi. Pa Computer Studies timathera nthawi yambiri pa kutayipa ndi kujambula matebulo, zimene n'zofunika pa mayeso a MANEB. Koma mwana amene wawerenga script ya seva ya sukulu yake, n'kusintha mzere umodzi, n'kuona tsamba lake likutuluka pa makompyuta onse a mu labu, wamva mmene intaneti imayendera. Linus Torvalds anali wophunzira pa yunivesite ku Helsinki pamene anayamba Linux mu 1991. Mtundu wa Linux umene ambiri timagwiritsa ntchito, Ubuntu, anauyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzinalo ndi umunthu womwewu umene timaphunzitsa ana. Kusiyira wobwera pambuyo pako malangizo omveka ndi mbali ya umunthu umenewo. Patsani kalabu ya kompyuta makina amodzi akale, aziwononga ndi kukonza mmene angafunire, ndipo atsikana akhalemo ochuluka ngati anyamata.

Choncho pempho langa kwa ahedi ndi makomiti a sukulu ndi ili. Bungwe kapena munthu wakufuna kwabwino akabwera ndi seva, muthokozeni ndi manja awiri, koma asanachoke mufunseni zinthu zitatu: script yokonzera seva kuyambira pachiyambi, disiki yokhala ndi kope la zonse, ndi tsiku limodzi loti aphunzitsi awiri ayendetse script ija okha iye akungoonerera. Script isungidwe pa ma flash awiri, ndipo isindikizidwenso pa pepala n'kuikidwa m'fayilo ya labu. Kumayambiriro kwa teremu iliyonse iyesedwe pa kompyuta yakale kuti tione ngati ikugwirabe ntchito. Kufunsa zimenezi si mwano, pajatu safunsa anadya phula.

Ndipo inu ana anga amene tsopano mukugwira ntchito za makompyuta ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena kunja, mukabwera kudzaona makolo pa Khirisimasi, patulani tsiku limodzi mupite ku sukulu imene inakuphunzitsani. Musangokonza n'kumapita. Khalani pansi ndi aphunzitsi anu akale, mulembe nawo, mzere ndi mzere, ndi ndemanga za m'chilankhulo chathu. Pa nkhani imeneyi ife ndife ophunzira anu, ndipo tidzakhala pa desiki mwaulemu.