Nsima ya Pakati pa Usiku

M'miphakati yathu ingapo mwabuka funso limene atsogoleri atipempha kuti tiliyankhe pa tsamba lino: kodi mai wacikatolika amene aphika nsima usiku pafupi ndi nyumba zomwera mowa angasankhidwe kukhala wapampando, kapena kuwerenga Mau a Mulungu pa Misa? Ena akana kwamtuwagalu. Iwo ati mai wotere adyetsa ucidakwa, ndipo ndalama zace zinunkha mowa.

Tisanaweruze, abale ndi alongo okondedwa, nkwabwino tiyambe taona malowo, pakuti ambiri amene alankhula kolimba pa nkhaniyi agona nkhuku zitangolowa. Mu Kanyama, mu Chawama, mu George kapena mu Mtendere, nthawi ikapitirira 22 koloko, misika yatsekedwa ndipo m'makwalala mwacita mdima, koma pambali pa mabala muona moto wa mbaula ukuyaka. Kantemba kace nka malata akale, benchi ndi limodzi, lokwana anthu asanu akapanikizana. Pa mbaula imodzi pali poto wa vimbombo, miyendo ya ng'ombe ija imene yakhala ikuwira pang'onopang'ono kuyambira masana mpaka msuzi wace umata milomo. Pa ina pali mphika wa nsima. Pambali mnyamata atembenuza micopo ya mbuzi pa waya, nawaza mcere ndi tsabola. Ife tinakhalapo pa benchi lotere tikucokera ku maliro, ndipo tinaona amene anali kudya: woyendetsa minibasi ndi kondakitala wace atangoimika galimoto, mlonda wopita kukagwira nchito, anyamata awiri a mawilibala a ku msika wa Soweto amene alibe wowaphikira kunyumba. Oledzera analiponso, sitibisa ai, koma sanali okha.

Si kwathu kokha kumene kuli zotere. Ku Japan, mu mzinda wa Fukuoka, m'dera la Nakasu kumene kuli mabala ambirimbiri, madzulo anthu aimika tumatemba m'mbali mwa mtsinje, nagulitsa cakudya cochedwa ramen: tizingwe ta ufa wa tirigu m'msuzi wa mafupa a nkhumba owiritsidwa maola ambiri. Kumeneko ndi mwambo ndithu kuti munthu akatha kumwa atsirize ndi mbale yotenthayi asanapite kwao, ndipo alendo acokera kutali kudzalawa. Wophikayo amlemekeza ngati mmisiri. Ndi dziko la Paulo Miki ndi anzace, amene anapacikidwa ku Nagasaki mu 1597, ndipo tiwakumbukira pa 6 February. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Cimene tifuna kunena ncakuti vimbombo vyathu ndi msuzi waowo ndi nzeru imodzi, ya munthu wosauka amene atenga fupa lotsika mtengo nalisandutsa cakudya ndi moto ndi cipiriro.

Tsono cimo la mai uja lili pati? Ife sitilipeza m'mphika. Buku la Miyambo, pa mutu 31, litamanda mkazi amene adzuka kukali usiku kukonzera a m'nyumba mwace cakudya, namacitanso malonda. Pa mutu 21 wa Yohane Woyera, Ambuye wathu wouka kwa akufa anakoleza yekha moto wa makala m'mbali mwa nyanja, nakonzera nsomba ndi mkate anthu amene anagwira nchito usiku wonse. Ndipo Papa Yohane Paulo Waciwiri, amene anationa kuno mu May 1989, analemba kalata yace ya pa nchito mu 1981, yophunzitsa kuti ulemu wa nchito ucokera kwa munthu woigwira, osati ku mtundu wa nchitoyo. Ambiri mwa amai awa ndi amasiye, ena alera adzukulu. Masana malo a pamsika ali ndi eni ace. Usiku ndiwo watsalira iwo.

Komabe tikangowaikira kumbuyo osanena zobvuta, tikhala abwenzi onyenga. Coyamba ndi beseni lija la madzi osamba m'manja. Amene akumbukira kolera sangaliyang'ane mtima uli m'malo. Mliriwo unayamba mu Lusaka mu October 2017. Pofika January 2018 boma linaletsa malonda a m'misewu, asilikali anatuluka, ndipo mu Kanyama anthu analamulidwa kusayenda usiku. Unabweranso kumapeto kwa 2023: bwalo la National Heroes linasanduka cipatala, masukulu sanatsegulidwe mpaka February 2024, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Cifukwa cace ticidziwa. Pansi pa Kanyama pali miyala ya ming'alu ndipo madzi ali pafupi. Mvula ikagwa zimbudzi zisefukira, zonyansa nizilowa m'zitsime zosazama. Nsima yotentha ilibe mlandu, ngakhale msuzi wowira. Mlandu uli m'madzi otsukira mbale amene sasinthidwa usiku wonse, ndi m'beseni limodzi mmene amuna makumi awiri abviika manja. Kathireni madzi ndi jagi, munthu aliyense payekha, pakhale sopo, ndipo m'cigubu mudonthezedwe klorini. Zimenezi sizitha ndalama monga maliro.

Caciwiri ncimene citiwawa koposa, ndico ana. Mtsikana wa giredi 7 atumidwa kulowa m'bala ndi mbale ya nsima pakati pa usiku, nakaimirira pakati pa amuna oledzera kudikira ndalama. Mai ace ali pa mbaula, saona dzanja limene lamgwira, samva mau amene amnong'oneza. M'mawa mwanayo asinza m'kalasi. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kacasu sanathe, ndipo amene wakhuta kacasu sadziwa mwana wa mnzace. Apa ndiye pamene mphakati uyenera kulankhula mosapsatira: ofuna kudya atuluke adzadyere pa benchi, mwana agone kunyumba. Ndipo ngati kunyumbako kulibe wamkulu womsunga, mnansi wacikristu amene anali woyamba kuloza cala ndiye akhale woyamba kuyala mphasa.

Kwa atsogoleri amene anafunsa, yankho lathu ndi ili. Palibe lamulo la Eklezia loletsa mai wophika usiku kukhala wapampando kapena kuwerenga Mau. Ngati agulitsanso kacasu pansi pa tebulo, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo muipereke kwa bambo mfumu, osati pa msonkhano wa anthu onse. Koma musadabwe akalephera Misa yoyamba ya pa Sabata, popeza wazima mbaula tambala atalira kale. Muikeni pa ndandanda ya owerenga a Misa yaciwiri. Misonkhano ya mphakati nayonso, imene ambiri aicita madzulo, igwa pa nthawi imene iye akoleza moto. Amai a Anna Woyera angamcezere masana pamene apala vimbombo, ndipo popita anyamule botolo la klorini.