Chitsulo Cholimba Chimaduka Chosachenjeza

Pa 15 December 1967, cha m'ma 5 koloko madzulo, mlatho wa Silver Bridge, umene unkalumikiza tauni ya Point Pleasant ku West Virginia ndi dera la Ohio ku America, unagwera mumtsinje magalimoto ali pamwamba. Anthu 46 anafa. Ofufuza atavuula zitsulo zake anapeza kuti tsokalo linayambira pa kamng'alu kozama mamilimita 2.5 okha, m'mphepete mwa bowo la chitsulo chimodzi cha unyolo wonyamula mlathowo.

Kamng'alu kotere kamabadwa zinthu zitatu zikakumana: chitsulo chokokedwa usana ndi usiku, chinyontho chosakanikirana ndi mchere kapena utsi, ndiponso chitsulo cha mtundu wouma kwambiri. Dzimbiri limaboola kadzenje, mphamvu yokoka ija n'kukang'amba, madzi n'kulowa, dzimbiri n'kudyanso kunsonga kwa mng'aluwo. Zimatenga zaka, kunja kukuoneka bwinobwino. Mlathowu unamangidwa mu 1928.

Apa ndi pamene ambiri timanamizika. Timaganiza kuti chitsulo cholimba kwambiri ndicho chodalirika. Komatu chitsulo wamba chikalemedwa chimayamba chapindika, anthu n'kuona. Chouma chikakhala ndi mng'alu chimangoti thyo, ngati nthambi ya m'chilimwe.

Unyolo wa Silver Bridge unali wolumikiza ndi mapini, koma vutoli limakondanso powotcherera. Powotcherapo pakamazizira pamafuna kukhwinyata, chitsulo cha m'mbali n'kumakana, ndiye pamatsala mphamvu yokoka ngakhale pasanaikidwe katundu aliyense. Pakazizira mofulumira, m'mbalimo mumauma. Ma rodi owotcherera achinyontho nawo amalowetsa mpweya wa hydrogen m'chitsulo, ndipo umenewu umaching'amba kuchokera mkati. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayamba watenthetsa chitsulo, amasunga ma rodi ake mu uvuni, ndipo pa zitsulo zokhuthala amatenthetsanso pamalopo mpaka madigiri pafupifupi 600 kuti mphamvu yotsalayo ichepe. Wopupuluma amati kumeneku n'kutaya nthawi. Ine ndimati ntchito yeniyeni ndi imeneyo, chifukwa kusalala kwa powotcherera sikunena za mkati.

Ngozi ya Silver Bridge ija inachititsa kuti mu 1971 dziko la America likhazikitse malamulo oyendera milatho zaka 2 zilizonse. Koma mng'alu uja unali pobisika, posaoneka popanda kumasula unyolo. Motero mlatho wina wopangidwa mofanana, wa ku St. Marys pa mtsinje womwewo, anautseka, kenako anauphwasula.